Lachisanu ku Darkhan

Kuno tsiku lililonse ndi la chisanu
ngakhale kalendala ikakamire kuti ndi Lolemba.
Ndimatuluka mdima usanasamuke,
masokosi awiri phazi limodzi,
ndevu zili mbuu ndi mpweya wanga womwe
ngati ndakalambira panjira ya mphindi khumi
yochoka pafulati kukafika pageti la sukulu.

Utsi wa malasha wagona chafufumimba patauni.
Mlonda, bambo Gombosuren, moni wawo ndi wa nsidze
ndi kapu ya tiyi wamkaka wothira mchere.
Tsiku loyamba ndinati asokoneza mabotolo.
Lero ndimagugudiza, n'kutambasulanso dzanja.

M'kalasi mipando kwee, ana onse chiriri:
"Bagshaa!"
Ndilo dzina langa tsopano.
Loti Mkwezalamba linawathyola lilime sabata yoyamba,
awonso mayina awo anathyola langa:
Tserendolgor, Munkh-Orgil, Khishigdalai.
Tinangoseka, ngongole inathera pomwepo.

Ndimawaphunzitsa Chingelezi,
chovala chimene inenso ndinachita kubwereka
n'kuchipinda m'manja kuti chindikwane.
Ndikalemba pabolodi choko chimalira chimodzimodzi
ngati cha kwathu ku Dowa,
fumbi lake silifunsa pasipoti.

Munkh-Orgil amagona m'phunziro lachiwiri.
Ndinati ndimukalipire, koma ndinaona zala zake,
ming'alu ya madzi ozizira,
chigubu chokoka pangolo tambala asanalire,
kuno kumene ngakhale tambalayo sindinamumvepo.
Zala zimenezo ndikuzidziwa, ndinali nazo.
Ndinamufunditsa jekete, tinapitiriza ndi aneni
motsitsa mawu.

Kuchipinda cha aphunzitsi
nkhani zimandidutsa ngati basi yodzaza.
Akaseka ndimaseka mochedwa,
mlendo ndi mame, koma mame a kuno amaundana,
sakamuka msanga.
Mayi Davaasuren, ahedi athu,
amandikankhira pepala la zilembo zoyang'ana kumbuyo,
ndimasaina mwachikhulupiriro.
Kenako chambiko chouma, cholimba ngati mwala wa pamsewu,
akuti ndiziyamwa, ndisaluma.
Ambiri mwa malangizo a dziko lino ndi omwewo.

Masana Tserendolgor anakweza mkono:
kwanu chimagwa kunjachi mumachitcha chiyani?
Ndinayang'ana pazenera.
Matalala? Ayi, matalala ndi aukali, amaboola fodya.
Ichi chimatsika ngati chikuopa kudzutsa munthu.
Ndinalemba: chipale chofewa,
mawu amene ndinawadziwa zaka makumi atatu
ndisanawapondepo.
Anakopera m'makope mosamala
ngati zibwera pamayeso.

Usiku ndimachonga makope pafupi ndi paipi yotentha.
Foni ikulira, kwathu dzuwa likadali pamwamba.
"Adadi, mvula yagwa, ngumbi zatuluka,
ndagwira zodzaza mbale ya buluu.
Fizi mwatumiza?"
Ndatumiza, Tiyesere, ndatumiza.
Mawu ake akudukaduka, kenako zii.
Ndatsala ndi cholembera chofiira
ndi chiganizo cha mwana wa eni:
mphunzitsi wanga amachokera kotentha,
sindikudziwa chimene anatilakwira.
Galamala yake ndi yokhota.
Ndinapereka zonse khumi.

Dzulo m'basi, pothinana,
mayi wina wa chovala chobiriwira chofika m'akakolo
anandiponda phazi ndi jombo.
Ndisanatsegule pakamwa anandigwira dzanja, gwi,
osandiyang'ana n'komwe.
Ndi mwambo wa kuno, anandiuza pambuyo pake:
ukaponda mnzako umupatse dzanja,
mkangano usamere.

Sindinawauze kuti papita miyezi itatu
chikhalire dzanja langa lopanda wolisunga.
Ndinatsika siteji yolakwika,
ndinayenda wapansi, mphepo ikundimeta makutu,
dzanjalo ndalibisa m'thumba
kuti lisazizire msanga.

Mawa ndi Lachisanu lenileni.
Pali mayeso a masipelo,
ndipo choko chatsala chibenthu chimodzi.